Mphunzitsi akapuma pa ntchito: ku Zambia malipiro amapitirira, kwathu kuno amaima

Pa nkhani ya kasamalidwe ka mphunzitsi wa boma amene wapuma pa ntchito, anzathu a ku Zambia anatisiya kutali, ndipo ndikunena zimenezi mtima ukundiwawa chifukwa sindine munthu wokonda kuyamikira za eni. Amene andiyambitsa ndi alamu anga a ku Chipata, omwe anapuma ataphunzitsa ku pulayimale moyo wawo wonse. Nditawafunsa mwachisoni mmene akupezera chakudya podikira ndalama zawo za penshoni, iwo anangoseka nati malipiro akulowabe kubanki mwezi ndi mwezi, ngakhale kuti m'kalasi anasiya kulowa.

Sikuti wina anawakomera mtima. Malamulo oyendetsera dziko la Zambia, monga anakonzedwera mu 2016, amanena pa ndime 189 kuti munthu akapanda kulipidwa ndalama zake za penshoni pa tsiku lomaliza kugwira ntchito, asiye ntchitoyo koma dzina lake likhalebe pa mndandanda wa olandira malipiro mpaka ndalamazo zitaperekedwa. Tanthauzo lake ndi lakuti kuchedwa kumapweteka wochedwetsayo, popeza mwezi uliwonse umene failo yagona m'kabati, boma limalipira munthu amene sakugwira ntchito. Kwathu kuno ku Malawi zinthu zinatembenuka. Mphunzitsi akakwanitsa zaka 60 dzina lake limachotsedwa msanga, ndipo liwiro limene limaoneka pochotsa dzinalo silionekanso potulutsa gratuity, ndalama yolandira pakamodzi munthu akapuma. Amene anaphunzitsa nduna ndi madokotala amayamba ulendo wa ku Lilongwe atanyamula envulopu ya makalata, thiransipoti ili yobwereka, n'kumauzidwa kuti abwerenso mwezi wamawa. Pofika tsiku lolandira, theka la ndalamazo limakhala kuti ndi la akatapila ndi la banki m'khonde.

Kudikirako kukanapiririka ndalama ikanakhala yokhazikika. Koma kwacha yathu inagwetsedwa ndi maperesenti 25 mu 2022, kenako ndi maperesenti 44 mu Novembala 2023. Mphunzitsi amene anawerengera kuti gratuity yake imangira nyumba ya malata, nadikira kudutsa nthawi imeneyo, analandira nambala yomweyo imene inalembedwa pa kalata, koma matumba a simenti amene ikanagula anali atachepa kwambiri.

Pena pake tiyenera kuvomereza kuti kwathu si koipa pa zonse. Lamulo lathu la penshoni la 2011 linakhazikitsa kuti wolemba ntchito azisonkha maperesenti osachepera 10 a malipiro a wantchito ndipo wantchitoyo 5, pamene ku NAPSA, bungwe la penshoni la ku Zambia, aliyense amasonkha 5, zonse pamodzi n'kukhala 10. Kuyambira mu 2017 aphunzitsi athu amene anali ndi zaka 35 kapena kucheperapo analowa m'thumba la Public Service Pension Trust Fund, momwe ndalama ya munthu imasungidwa m'dzina lake, ndipo achikulire okha ndi amene anatsala pa dongosolo lakale lodalira bajeti ya chaka chimenecho. A ku Zambia anagawanso chimodzimodzi kale mu 2000, pamene olembedwa kumene anayamba kupita ku NAPSA, akale n'kutsala ku Public Service Pensions Fund. Nawonso opuma a kumeneko adandaulapo kwa zaka zambiri za kuchedwa kwa ndalama zawo, ndiye tisamaganize kuti kuseri kwa Mchinji kuli paradizo. Kungoti iwo amadandaula ali ndi chakudya m'nyumba.

Ngakhale chimene anthu amachitama kwambiri, chija Pulezidenti Hakainde Hichilema wa Zambia anasaina mu Epulo 2023 chololeza membala wa NAPSA kutapako maperesenti 20 a zosonkha zake akasonkha miyezi 60 kapena akafika zaka 45, ine sichinditenga mtima kwenikweni. Mphunzitsi wa zaka 30 amene watapa ndalamayo lero wadya mbewu, ndipo adzaona kuchepa kwake atakalamba. Lamulo lathu la 2023 linachita mosamalirapo, chifukwa limalola kutapako mpaka theka pokhapokha munthu akatsala ndi zaka zisanu kuti apume, nthawi imene ambiri amakhala akuganiza za pokhala akadzatuluka m'nyumba ya sukulu. 

Chimene ndikufuna kwa a Teachers Union of Malawi ndi aphungu athu, omwe ena a iwo anagwirapo choko asanalowe ndale, ndi ndime imodzi yokha yofanana ndi 189 ija. Padzapezeka onena kuti boma lilibe ndalama zolipirira anthu osagwira ntchito. Tsiku lopuma la mphunzitsi limadziwika kuyambira tsiku limene analembedwa ntchito, kudakali zaka makumi atatu kuti lifike, ndipo boma likakonza failo yake nthawi ilipo n'kumulipira pa tsiku lomaliza, ndimeyo siliwonongetsa ngakhale tambala imodzi.