Celia Cruz: Cuba inamutsekera khomo, America inamuika pa ndalama

Kuchokera ku Cuba kukafika ku Florida, m'dziko la America, ndi makilomita pafupifupi 150 okha pa nyanja, koma mayiko awiriwa anamutenga mosiyana kwambiri Celia Cruz, mfumukazi ya nyimbo za salsa.

Mayiyu anabadwira ku Havana mu 1925 ndipo anatchuka akuimba ndi gulu la Sonora Matancera. Mu 1960, Fidel Castro atangolanda boma, gululi linapita kukaimba ku Mexico ndipo Celia sanabwererenso. Akuluakulu a ku Cuba anamuona ngati wogalukira. Mayi ake atamwalira mu 1962, anamukaniza kulowa m'dzikomo kukakhala nawo pa maliro. Apa ndiye pamandipweteka ine. Ndale zivute bwanji, mwana saletsedwa kukalira mayi ake omubereka. Nyimbo zake anazichotsa pa wailesi za boma kwa zaka zambirimbiri, moti anthu ankangomvera makaseti m'nyumba, atatsitsa mawu.

Dothi la kwawo analipondako mu 1990, koma ku Guantánamo, kumalo a asilikali a America. Anatapako dothi pang'ono, ndipo ndi lomwelo anamuika nalo m'manda.

Ku America zinali zina. Anakhazikika cha ku New York, n'kulowa m'gulu la Fania All-Stars, lomwe anafika nalo mpaka ku Kinshasa mu 1974. Mu 1994 Pulezidenti Bill Clinton anamupatsa mendulo ya ulemu ya zaluso. Atamwalira mu 2003 ku New Jersey, thupi lake analitengera kaye ku Miami, komwe anthu miyandamiyanda anaima pamzere padzuwa kuti aone nkhope, kenako n'kukaliika kumanda a Woodlawn, ku Bronx, mumzinda wa New York. Mu 2024 nkhope yake inaikidwa pa ndalama yachitsulo ya masenti 25.

Komabe America nayo isadzitame kwambiri. M'zaka za m'ma 1950, dziko lomweli linamukanizapo visa pomuganizira kuti ankagwirizana ndi achikomyunizimu. Nalonso linayamba layeza woimba ndi muyeso wa ndale. Kusiyana kwake n'koti America inasintha maganizo mwiniwake akadali moyo, akuimba ndi kuvina pa nsanja, pamene Cuba inaumirira mpaka tsiku la imfa yake, ndipo nyuzipepala ya chipani cholamula, Granma, inalengeza malirowo ndi mizere yowerengeka chabe.