Russia ilembedwe kuti imathandiza zigawenga? Ine ndikukana

Abale anga, nkhani ya ana a ku Ukraine imandipweteka mumtima ngati kholo. Ana zikwizikwi anatengedwa n'kupita nawo ku Russia, ndipo mu Marichi 2023 khoti la milandu la padziko lonse la ICC linatulutsa chikalata chomangira Vladimir Putin ndi Maria Lvova-Belova, mkulu woona za ufulu wa ana ku Russia, pa mlandu womwewu. N'chifukwa chake masenata a ku America, Lindsey Graham ndi Richard Blumenthal, atabweretsa bilu mu 2025 yoti Russia ikapanda kubweza anawo ilembedwe kuti ndi dziko lothandiza uchigawenga, ndinawamvetsa. Koma sindikugwirizana nawo.

Taonani momwe mndandanda wa America wa mayiko othandiza uchigawenga umayendera. Pa 14 Januwale 2025 Joe Biden analengeza kuti akuchotsapo Cuba. Pa 20 mwezi womwewo Donald Trump anathetsa chiganizocho. Kodi Cuba inasintha chiyani m'masiku 6 amenewo? Anasintha ndi wokhala pampando basi. Sudan inalembedwa mu 1993, n'kudzachotsedwa mu 2020 itapereka madola 335 miliyoni a chipukuta misozi, makamaka pa mabomba a 1998 ku Nairobi ndi Dar es Salaam. Ofedwawo ankayeneradi kupepesedwa. Koma zaka zonsezo Omar al-Bashir, yemwe ankalamulira Sudan, sankagona ndi njala. Ankazunzika ndi wamalonda wamng'ono wa ku Khartoum, yemwe mabanki akunja ankamuthawa.

Tsopano ganizirani za Russia, dziko logulitsa tirigu ndi feteleza wambiri padziko lonse. Biden yemwe, mu Seputembala 2022, anakana kuilemba, ndipo ofesi yake inati zingasokoneze kayendedwe ka chakudya. Ife tinaziona ndi maso. Matani 20,000 a feteleza wa Uralchem, kampani ya ku Russia, anakhalitsa ku Netherlands, mpaka bungwe la WFP linachita kubwereka sitima kuti adutse pa Beira n'kufika kuno ku Malawi mu 2023. Apo n'kuti dzina la uchigawengali lisanaikidwe n'komwe. Nanga likaikidwa, ndi banki iti ingalimbe mtima kulipirira sitima yotere? Mayi wolima chimanga ku Ntchisi, amene sanaponyepo mzinga ku Kyiv, ndi amene adzalire ndi mtengo wa thumba.

Ndikufuna anawo abwerere kwa makolo awo, lero lomwe. Qatar yakhala ikuyimira pakati ndipo ana ena abwereradi, ngakhale ndi ochepa kwambiri. Masenatawo aike mphamvu ndi ndalama pamenepo, athandize ofufuza kumene mwana aliyense ali, ndipo chuma cha amene anawatengawo achigwire mmodzimmodzi, potchula maina awo.