Ndalama zochepetsera utsi: anzathu a Mozambique, Tanzania ndi Zambia akuzigwiritsa bwanji, nanga ife?

Abale anga, nkhani ya ndalama zomwe boma limapereka kuti mpweya wotenthetsa dziko uchepe ambiri timaiona ngati ya maiko a mafakitale, koma maiko atizungulirawa onse ali nayo ndipo aliyense akuyenda njira yakeyake. Chomwe ndikuona ine nchakuti kuno ku Malawi mapulani tili nawo abwino ndithu, vuto ndi loti ndalamayo siikufika pomwe utsi ukufukira. Utsi wathu wambiri ndi wa mitengo yomwe ikugwa, makala, nkhuni ndi kutentha tchire, ndiye funso langa pa dziko lililonse ndi limodzi, kodi wootcha makala ndi wogula makala ndalamayi akuiona?

Ku Mozambique anasankha zoti uyambe wagwira ntchito kenako ulandire. Boma lawo linagwirizana ndi World Bank kuti likachepetsa kudula nkhalango m'maboma 9 a chigawo cha Zambézia lidzalandira mpaka madola 50 miliyoni pa matani 10 miliyoni a mpweya, ndipo mu 2021 analandiradi madola 6.4 miliyoni pa matani 1.28 miliyoni, anali oyamba padziko lonse kulipidwa kuchokera ku thumba la World Bank lotetezera nkhalango limeneli. Chomwe chimandisangalatsa nchakuti ndalamayi sinabwere chifukwa cha lipoti lolembedwa bwino mu ofesi ayi, anachita kuyeza nkhalango ndi zithunzi za setilaiti, anthu ena apadera nkubwera kudzatsimikiza kuti mitengo ilipodi, ndipo pogawana analemberatu kuti 70 peresenti ipite kwa anthu akumidzi. Koma njirayi ili ndi ululu wake, mlimi wasiya kutentha tchire chaka chino koma ndalama idzabwera patapita zaka, ikadutsa m'maofesi ambirimbiri, pomwe banja lake likufuna kukhala ndi moyo lero lomwe. Ndipo chaka china mitengo ikagwa yambiri, kaya chifukwa cha chilala kaya namondwe, malipiro amatsika ngakhale kwa uja anasunga pangano.

A Zambia atengera njira yomweyo ku Eastern Province, mu 2024 anasaina mgwirizano wa mpaka madola 30 miliyoni, ndipo kuyambira 2021 ali ndi unduna wakewake woona za chuma chosaononga chilengedwe komanso malamulo oyendetsera malonda a kaboni wa m'nkhalango, kutanthauza kulipidwa chifukwa cha mpweya wotenthetsa dziko womwe mitengo yasunga. Pa malamulo atipitirira, izi tisakane.

Koma amene andigwira mtima ndi a Tanzania. Iwo anaona kuti mtengo sugwa wokha, umagwa chifukwa wina m'tauni akufuna thumba la makala, ndiye mu 2024 pulezidenti wawo mayi Samia Suluhu Hassan anakhazikitsa ndondomeko ya zaka 10 yoti pofika 2034 anthu 80 pa 100 alionse azidzaphika ndi njira zosafuka utsi, ndipo boma kudzera ku bungwe lawo la REA, loona za magetsi ndi mphamvu zina kumidzi, linayamba kulipira theka la mtengo wa masilinda a gasi kuti munthu wamba athe kuyamba. Imeneyi ndi sabuside yoti munthu akuigwira ndi manja tsiku lomwelo, safunika kudikira setilaiti. Ena anena kuti gasi nayenso amatulutsa kaboni, nzoona, koma yerekezani ndi makala omwe kuti mupeze thumba limodzi pamapsa mitengo yolemera kangapo kuposa thumbalo, utsi wambiri umathera pa uvuni pomwepo makalawo asanafike nkomwe pa mbaula. Chodetsa nkhawa changa ndi kudzadzitsa, silinda yoyamba yatsika mtengo inde koma ikatha gasi banja losauka limabwerera ku makala silinda nkumangokhala pakona, ndiye sabuside yongothera pa kugula koyamba ndi yoperewera.

Nanga ife? Mu 2021 tinalonjeza ku United Nations kuti pofika 2040 tidzachepetsa mpweyawu ndi 51 peresenti, koma 6 peresenti yokha ndi yomwe tinati tidzachita ndi ndalama zathu, 45 yotsalayo tikudikira abwenzi akunja. Tili ndi ndondomeko ya makala ya 2017 mpaka 2027, tinakhwimitsa lamulo la nkhalango mu 2020, tinabweretsa msonkho wa kaboni pa magalimoto mu 2019, tinachotsa VAT pa gasi ndi zipangizo za sola, mu 2023 a Chakwera anakhazikitsa Malawi Carbon Markets Initiative, ndondomeko yolimbikitsa malonda a kaboni. Zonsezi nzabwino koma muone kuti zambiri ndi chilango, msonkho ndi malonjezo, kulanda njinga ya wamakala pa rodibuloko sikuchotsa njala ya makala m'tauni, mawa abwera wina ndi njinga ina. Chomwe ndimachiyamikira ndi Ngwee Ngwee Ngwee Fund yomwe imathandiza makampani a sola kuti afikire mabanja akumudzi motchipa, pamenepo ndalama inafikadi pakhomo, komanso mbaula za chitetezo zinafalikira ndithu. Kungoti sola yaing'ono ija imayatsa babu ndi kutchaja foni, siiphika.

Ndikudziwa kuti kutengera a Tanzania ndendende nkovuta, iwo ali ndi doko ku Dar es Salaam ndi damu la Julius Nyerere la mamegawati 2,115, ife gasi timachita kuitanitsa ndi forex yomwe ikusowa kale, ndipo Kapichira itaonongeka ndi namondwe Ana mu 2022 tinaona tokha momwe magetsi akazima makala amayendera malonda. Komabe nzotheka kuphatikiza ziwirizi, boma litenge ndalama ya msonkho wa kaboni liike m'thumba loonekera poyera, lizilipira makampani a gasi, a mbaula zamagetsi ndi a mabriketi ngati a Tanzania, koma lizilipira mwa chi Mozambique, pokhapokha atatsimikiza kuti banjalo patatha chaka likugwiritsabe ntchito chipangizocho. Ndipo gawo lina lipite kwa ootcha makala eniakewo ngati mpamba wa bizinesi ina, chifukwa pa maiko onse anayiwa iwowa ndi amene amatchulidwa kwambiri m'mapulani koma dzina lawo pa mndandanda wa olandira limasowa.