Magazi a woyendetsa helikopita asatseke mlandu

Helikopita ikagwa n'kumveka kuti m'magazi a woyendetsa mwapezeka mankhwala ozunguza bongo, ambiri amati basi, mlandu watha. Ine sindivomereza. Musafulumire kundigenda: munthu wonunkhiza kokeni sayenera kugwira chiwongolero cha ndege ngakhale pang'ono. Koma mawu oti kokeni amaphimba zambiri, ndipo ophimbikawo nthawi zina ndi amene ali moyo.

Pa 2 Januwale 2023, ku Gold Coast m'dziko la Australia, mahelikopita awiri onyamula alendo okaona malo anawombana pafupi ndi paki ya zosangalatsa ya Sea World. Imodzi inkanyamuka, inayo inkatera. Anthu anayi anafa, kuphatikizapo woyendetsa yonyamukayo. Atamuyeza anapeza zotsalira za kokeni, ndipo nkhani inamveka paliponse. Koma bungwe lofufuza ngozi la ATSB linati mlingo wake unali wochepa kwambiri, moti n'zokayikitsa kuti unasokoneza kayendetsedwe kake tsikulo. Zimene linapeza zinali zina: wailesi ya helikopita yonyamukayo inali ndi vuto, oyendetsa awiriwo sanamvane, komanso kampani inali itasintha malo oterapo ndi mtundu wa mahelikopita mpaka njira ya yonyamuka ndi ya yotera zinkadutsana. Zimenezi sizilowa m'magazi a munthu. Zimakonzedwa mu ofesi.

Ngozi ina inachitika kumpoto kwa dziko lomweli, ku Arnhem Land, pa 28 Febuluwale 2022. Chris Wilson, wodziwika pa kanema, anali atalendewera pa chingwe pansi pa helikopita ya Robinson R44 akutolera mazira a ng'ona. Inde, ntchito yotere iliko. Injini inazima m'mwamba, iye anagwa n'kufa, woyendetsa anavulala koopsa. M'magazi a woyendetsayo namonso munali zotsalira za kokeni wa masiku apitawo. Ofufuza anati helikopitayo iyenera kuti inatha mafuta. Apa ndimaima kaye. Kokeni akatha mphamvu m'thupi amasiya kutopa ndi kusaika mtima pa zinthu, ndipo munthu wotopa ndi amene amaiwala kuyang'ana geji ya mafuta. ATSB inatchula zimenezi, koma inati umboni sukukwana kunena kuti woyendetsayo anasokonezekadi. Inaloza chala kampani chifukwa chosatsatira ndondomeko zake zopewera ngozi, inalozanso boma chifukwa chololeza ntchito yolendewera munthu popanda kuunika bwino kuopsa kwake.

Tsono chimene chimandiopsa kwambiri si kokeni ayi. Mu 2014 bungwe lofufuza ngozi la NTSB ku America linatulutsa kafukufuku wa oyendetsa ndege 6,677 amene anafa pa ngozi pakati pa 1990 ndi 2012. Opezeka ndi mankhwala otha kusokoneza munthu anakwera kuchoka pa 11 kufika pa 23 mwa anthu 100 alionse. Ndipo amene ankapezeka kwambiri sanali chamba. Anali diphenhydramine, mankhwala a chimfine ndi ziwengo amene ali mu Benadryl ndi m'mapiritsi ena ogonetsa, ogula popanda kalata ya dokotala. Ndi a gulu limodzi ndi Piriton amene tonse timamudziwa. Ine ndinamwapo Piriton m'mawa chifukwa cha kuyabwa, ndipo pofika masana ndinkawerenga mzere umodzi katatu osamva kanthu, koma wina akanandifunsa ndikanalumbira kuti ndili bwinobwino. Kuopsa kwake n'kumeneko. Woledzera mowa anzake amamumva fungo. Womwa piritsi la chimfine amafika pa ntchito atavala bwino, akumwetulira, iye mwini osadziwa kuti bongo wachedwa.

Helikopita siyembekezera bongo wochedwa. Dzanja lamanja lili pa chiwongolero, lamanzere likukweza ndi kutsitsa, mapazi onse awiri akuwongolera mchira, ndipo nthawi zambiri ukuuluka pafupi ndi mitengo ndi mawaya a magetsi. Injini ikazima uli ndi masekondi owerengeka kuti utsitse dzanja lamanzere mapiko asanathe liwiro. N'chifukwa chake bungwe loyang'anira za ndege ku America la FAA limalangiza kudikira maola 60 munthu akamwa diphenhydramine. Masiku awiri ndi theka chifukwa cha piritsi limodzi! Pomwe pa mowa lamulo lawo limati padutse maola osachepera 8.

Ndiye ndifunse: woyendetsa amene amalipidwa akauluka, alendo afola pamzere, mphuno yatsekeka, ndani amene angamuuze kuti khala pansi mpaka mkuja? Kampani imene imayeza kokeni yekha koma n'kumakwiya wantchito akanena kuti wamwa mankhwala a chimfine, imamuphunzitsa kukhala chete. Ayezeni mwadzidzidzi, inde, ndipo wopezeka ndi kokeni achotsedwe. Koma lipoti la ngozi likatuluka, muziwerenganso masamba onena za wailesi, mafuta ndi amene anasainira chilolezo, chifukwa woyendetsa wa ku Gold Coast uja sangadzukenso kuti afotokoze kuti wailesi yake inali yowonongeka.