Kudina X si kutuluka, ana inu

Ndapirira mokwanira, lero ndiyankhule. Inu nonse amene mumalowa pa seva ya Windows ya kuntchito kudzera pa Remote Desktop (pulogalamu yolowera pa kompyuta ina muli patali), tcherani khutu.

Nthawi yoweruka ikakwana mumangodina ka X kapamwamba paja, n'kunyamula chikwama, ulendo wothamangira minibasi. Mumayesa kuti mwatuluka? Ayi ndithu. Mwangodula waya, koma inu mudakali mkati. Excel yanu idakali yotsegula, ikudya RAM usiku wonse, ndipo fayilo yomwe munasiya mnzanu sangaisinthe chifukwa seva ikuti mwini wake akuigwiritsabe ntchito. N'chimodzimodzi kusiya ndowa pansi pa mjigo inu n'kupita kumaliro kumudzi wina. Njira yake ndi Sign out. Kudina kangapo basi, kodi n'kolemetsa?

Ena ndiye amasiya laputopu ili chiyatsire, akadali olumikizidwa, n'kupita kukadya nsima. Windows Server yopanda malayisensi a RDS (Remote Desktop Services, olola anthu ambiri kulowa pamodzi) imangolola anthu awiri pa nthawi imodzi. Wachitatu akafika amapeza pakhomo padzaza, ndipo kuti alowe ayenera kuthamangitsa mmodzi wa inu.

Koma amene andikwiyitsa kwambiri ndi anyamata a IT odziwa theka. Pa ofesi ina kumene ndimathandiza, mnyamata wina anaona kuti seva ikuchedwa, n'kuyamba kuchotsa anthu mwachisawawa. Mwa ochotsedwawo munali mayi wa ku akaunti amene anakhalira malipiro a mwezi kuyambira m'mawa, asanasunge. Zonse zinapita. Mayiyo sanakalipe, anangokhala duu kuyang'ana sikirini. Ine manyazi anandigwira ngati wolakwayo ndine.

Musanakhudze munthu, yambani mwaona. Tsegulani Command Prompt, lembani quser. Idzakuonetsani dzina la aliyense, nambala yake ya ID, ngati ali Active (wolumikizidwa) kapena Disc (wadulidwa koma sanatuluke), nthawi imene wakhala osagwira kalikonse, ndi tsiku lomwe analowa. Mzere wokhala ndi kachizindikiro ka > ndinu amene, musadzichotse nokha, ndinawaonapo ochita zimenezo. Mukalemba qwinsta imaonetsa zambiri, ngakhale ID 0 yolembedwa services. Imeneyo si munthu, ndi ya makinawo, isiyeni. Ngati muli pa kompyuta ina, onjezerani /server: ndi dzina la sevayo.

Mukaona Disc musathamangire kunena kuti mwini wake wathawa. Mwina magetsi athima kwawo, mwina bandulo yamuthera, mwina wasiya dala lipoti lalitali likuyenda. Muimbireni foni. Ngati ali Active, mutumizireni uthenga ndi msg ndi nambala yake, mumupatse mphindi zoti asunge ntchito. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mudziwenso kusiyana kwa zida zanu. tsdiscon imangomudula munthu, ntchito yake n'kutsala yamoyo. logoff imatseka mapulogalamu ake onse, ndipo chosasungidwa chimatayika. rwinsta ndi nkhwangwa, ya pamene zonse zakanika. Ndipo nambala ya ID imasintha munthu akatuluka n'kulowanso, choncho 3 wa dzulo si 3 wa lero. Lembaninso quser nthawi yomweyo musanadine Enter.

Inu oyang'anira seva, mu Group Policy (mokhazikitsira malamulo a Windows) muli poika malire a nthawi ya anthu a Disc. Ikani, koma muwauze anthu kaye kuti ndi maola angati. Lolemba m'mawa ndidzalemba quser ndekha, ndipo amene ndidzam'peze ali Disc kuyambira Lachisanu adzabwere ku tebulo langa adzafotokoze.