Inu ana athu, Chikhristu chimenechi munachitenga kuti?

Loweruka lapitali ndinali pamaliro kumudzi kwathu ndipo mpaka lero mtima sunakhale m'malo. Tinkaika mayi wina wa Mvano amene ndamudziwa kuyambira kalekale. Mayi ameneyu pa njala ya 2002 ija, anthu tikudya gaga ndi zitsa za nthochi, anagulitsa mbuzi zake zonse kuti mnyamata wake asathamangitsidwe ku sekondale kamba ka fizi, iye nkumagona ndi madzi m'mimba.

Ana anafika ndi magalimoto atatu, bokosi lonyezimira logula mtauni, matisheti osindikiza nkhope ya malemu, wina foni m'mwamba kujambula za pa Facebook uku akulira mokuwa. Koma titalowa m'nyumba kukanyamula thupi, abale inu, denga loonetsa nyenyezi, mphasa yodyeka ndi chiswe, pakona kachitini ka mchere basi. Omwe ankawatungira madzi ndi kuwaphikira phala miyezi yonse yodwala ija ndi amayi anzawo a Mvano.

Ndiye ndikumva kuti mwana wamkuluyo ndi munthu wopemphera kwabasi. Chakhumi saphonya, mbewu ya ndalama amafesa kwa mneneri wake amene amamutchula kuti papa mwezi ndi mwezi, mafuta odzozera, madzi odalitsa, stika pagalimoto, mapemphero ochezera Lachisanu lililonse. Koma zaka zinayi osaponda kwawo, ati mneneri anamuuza kuti mayi ake ndi amene anamanga mwayi wake. Aaa! Mfiti yake iti yogulitsa mbuzi kuti iwe uphunzire? Ikanafuna kukudya sikanakudya uli kumsana? Mwaiwala kale agogo anayi aja anaphedwa ku Neno mu 2016 powanamizira kuti anatuma mphenzi? Zimayamba chonchi, ndi pakamwa pa munthu wonyamula Baibulo.

Ndalama yotumizira papa pa foni ilipo, yogulira mayi wako thumba limodzi la feteleza ndiye ati zinthu zavuta. Netiweki imagwira mbali imodzi yokha? Inu a ku Joni ndikunenanso inu, musayang'ane kumbali.

Tsegulani Marko 7. Afarisi ankaphunzitsa zomwezi, kuti munthu akati chuma changa ndi Korban, ndachipereka kwa Mulungu, ndiye kuti makolo asayembekezerenso kanthu. Yesu anawayamikira? Anawauza poyera kuti akupha lamulo la Mulungu ndi mwambo wawo. Paulo pa 1 Timoteo 5:8 sanapsatire mawu, wosasamala a pabanja pake wakana chikhulupiriro, aposa ndi wosakhulupirira yemwe kuipa. Ambuye mwini ali pamtanda, misomali ili m'manja, anayamba wapezera mayi wake pokhala kwa Yohane. Iwe ndiwe wotanganidwa kuposa Iyeyo?

Nanunso abusa olandira maenvelopu, munamufunsapo nkhosa yanuyo kuti mayi ake adya chani lero? Kapena bola envelopu yanenepa?

Ndipo tiana tanu tija tinali pamaliropo, tinalowa nawo m'nyumba muja, tinaliona dengalo. Tianato sukulu mwatiphunzitsa kale, mudzakolola pa nthawi yake muli ndi ndodo m'manja. Misozi ya kholo siigwa pachabe.

Ndalama ya bokosi lija ikanakwana malata a nyumba yonse mayi akadali moyo. Manyazi mulibe.