Analawa chilendo masiku owerengeka, akulirabe mpaka lero

Muno mu Glasgow, ku Scotland, muli maliro amene anayamba mu 1967 ndipo mpaka lero anthu sanabalalike pasiwa. Pezani gogo aliyense wa mbali ya Celtic, mungotchula dzina loti Racing Club basi, muona nkhope ikuwonjezera makwinya. Ine ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, usiku ndi usana, ndiye nkhani ya mpira umenewu ndaimva mpaka ndikhoza kuisimba ndili mtulo. Agogowo ndilibe nawo chifukwa, ambiri ndi abwino mtima. Chondiwawa ine n'chakuti anthu a kuno akudziwa bwino mmene chilendo chimapwetekera, popeza anyamata awo anachilawako masiku owerengeka, koma ife amene timachidya tsiku ndi tsiku tikati tidandaule amati sitiyamika.

Nkhani yake ili apa, abale anga. Mu Meyi 1967 Celtic inagonjetsa Inter Milan 2-1 ku Lisbon, n'kukhala timu yoyamba ya ku Britain kutenga chikho cha ku Ulaya. Osewera onse anali ana obadwira mu Glasgow ndi m'madera ozungulira. Kaputeni wawo Billy McNeill anachokera ku katimu kotchedwa Blantyre Victoria, Blantyre wa kuno, kwawo kwa David Livingstone, osati wathu uja wa Ndirande ndi Chilomoni. Kutsidya kwa nyanja, Racing Club ya ku Argentina inali itatenga Copa Libertadores, chikho cha matimu a ku South America. Nthawi imeneyo akatswiri a ku Ulaya ndi a ku South America ankakumana mu Intercontinental Cup, kwanu ndi kwathu, kuti zidziwike mwamuna ndani pa dziko lonse.

Koma chidani chinalipo kale. Chaka chimodzi zisanachitike izi, mu 1966 ku Wembley, kaputeni wa Argentina Antonio Rattín anatulutsidwa m'bwalo ndi oyimbira wa ku Germany amene sankamvana naye chilankhulo, ndipo mphunzitsi wa England Alf Ramsey anatcha osewera a Argentina kuti zinyama. Munthu mukamutchula chinyama pamaso pa dziko lonse, musayembekezere kuti akakulandirani ndi tiyi. Kwa mu Argentina, Mskotishi ndi Mngelezi analibe kusiyana, monga mmene kuno Mmalawi, Mnaijeriya ndi Mzimbabwe tonse timangokhala munthu mmodzi pamaso pa bwana.

Pa 18 Okutobala 1967 ku Hampden Park muno mu Glasgow, McNeill anamwetsa chigoli ndi mutu, Celtic n'kupambana 1-0. Agogo amasimba kuti Jimmy Johnstone, kamnyamata kakafupi kothamanga m'mbali, anapondedwa ndi kulavulidwa mpaka malovu kudzaza m'tsitsi. Pa 1 Novembala ku Avellaneda, kwawo kwa Racing, zinafika poipa mpira usanayambe n'komwe: goloboyi wa Celtic Ronnie Simpson anagendedwa ndi chinthu m'mutu akukonzekera, magazi chuchuchu, moti pagolo panaima John Fallon. Tommy Gemmell anachinya penate, koma Norberto Raffo ndi Juan Carlos Cárdenas anabweza, Racing 2-1. Likanakhala kuti lamulo la chigoli cha koyenda, loti zigoli zikafanana amapambana amene wachinya zambiri kwawo kwa mnzake, linkagwira ntchito pa chikho chimenechi, Celtic ikanakwera ndege ndi chikho. Silinkagwira. Malamulo anati pakhale masewero achitatu ku dziko lina, ku Montevideo ku Uruguay, patangopita masiku atatu. Wapampando wa Celtic Bob Kelly anati tiyeni tizipita kwathu, izi si mpira. Anzake, pamodzi ndi mphunzitsi Jock Stein, anaona kuti kubwerera kuoneka ngati mantha. Anakhala.

Mpira wa pa 4 Novembala pa Estadio Centenario ndi umene kuno amautcha nkhondo ya ku Montevideo. Oyimbira anali Rodolfo Pérez Osorio wa ku Paraguay. Kumbukirani kuti makadi achikasu ndi ofiira kunalibe, anadzayamba kuoneka pa World Cup ya 1970. Munthu ankatulutsidwa ndi pakamwa ndi chala, ndipo pakamwapo pankatuluka Chisipanishi chimene anyamata a ku Glasgow sankachimva. Apolisi analowa m'bwalo kudzaleretsa. Bobby Lennox anatulutsidwa pa ndewu imene ambiri amavomereza kuti sanaikemo dzanja, ndipo mwini wake ankasimba kuti Stein ankamubweza m'bwalo mpaka panabwera wapolisi ndi lupanga. Johnstone, atatopa ndi kukokedwa, anabwezera, n'kutulutsidwa. John Hughes anamenya theche goloboyi Agustín Cejas ali pansi, nayenso ulendo. Bertie Auld anauzidwa kuti atuluke, iye anangokana, n'kusewera mpaka wezulo yomaliza, oyimbira osachitapo kanthu. A Racing anatulutsidwa awiri, Alfio Basile ndi Juan Carlos Rulli. Pakati pa chipwirikiti chonsecho Cárdenas anaumenya ndi mwendo wamanzere ali kutali, mpira n'kukalowa pakona ya golo. 1-0, nkhani yatha.

Tsono agogo akafika pa Lennox paja, maso amachita kufiira. Amati tangoganiza mwana iwe, kukuweruza m'chilankhulo chimene sukuchimva, pa mlandu umene sunapalamule, wopanda wokumasulira. Ine ndimangoti inde agogo, n'zomvetsa chisoni, kwinaku ndikuwavalitsa masokosi. Ndiwauze chiyani? Kuti ine Chingelezi ndinachiphunzira bwinobwino, ndinakhoza mayeso ake, koma nditafika kuno ndinapeza anthu akulankhula chinthu china chimene chimangofanana nacho pakulemba? Kuti ukapempha munthu abwereze kachiwiri amakweza mawu ngati uli ndi vuto la makutu, kachitatu amakalemba m'faelo kuti sumva malangizo? Kuti m'nyumba mukasowa kanthu, ngakhale magalasi amene mwini wake wawaika m'firiji, woyamba kufunsidwa ndi ife a shifiti ya usiku?

Lamulo lathu la chigoli cha koyenda nalonso limasintha uli kale m'bwalo. Viza ya ntchito yathuyi ndi yomangidwa kwa bwana amene anakuitana. Iyeyo akalandidwa chiphaso chake chifukwa cha chinyengo chake chomwe, iwe wosalakwa ndi amene umapatsidwa masiku 60 kuti upeze wina, apo ayi longedza. Mu Marichi 2024 anakhazikitsa lamulo loti wobwera kumene kudzasamalira okalamba asabwere ndi mkazi, mwamuna kapena ana. Manja ako akuwafuna kuti asambitse amayi awo, koma mwana wako akulire pa WhatsApp. Ndipo bwana akudziwa zonsezi. N'chifukwa chake maola amene unalonjezedwa pa pepala saoneka pa malipiro, nthawi yoyenda kuchoka nyumba ina kupita ina m'mvula ya kuno saiwerenga, ndipo ukafunsa amakumwetulira n'kukukumbutsa mwaulemu kuti mapepala ako ali m'manja mwa yani.

Komatu Celtic sinali ya angelo, ndipo apa ndi pamene ine ndi agogo timasiyana pang'ono. Gemmell anazembera Raffo n'kumumenya theche pamalo osatchula, oyimbira osaona, koma kamera inaona. Anthu kunyumba anaonera pa kanema zimenezo. Malovu a ku Hampden kanema sanawaonetse bwino, kutsina ndi kukoka tsitsi sikuoneka pa chithunzi, koma theche limaoneka. Atabwerera kwawo, akuluakulu a timu analipiritsa wosewera aliyense mapaundi 250, ndalama zambiri zedi nthawi imeneyo. Aliyense, wolakwa ndi wosalakwa yemwe. Ndipo pitani ku Avellaneda mukafunse: kumeneko palibe amene akulira, chigoli cha Cárdenas ndi chuma cha fuko, Racing ndi timu yoyamba ya ku Argentina kutenga chikho cha dziko lonse, ndipo kwa iwo azungu aja anangokanika kupirira mpira wa amuna. Ku Montevideo komweko anthu a ku Uruguay ankachemerera Celtic chifukwa chodana ndi aneba awo, zimene agogo sakonda kuzitchula, popeza zimachepetsa chisoni cha nkhani.

Za mapaundi 250 zija ndi zimene ine ndimazimva m'mafupa. Pali mlongo wina wa kwathu konkuno, sinditchula dzina. Miyezi yambiri mwana wa gogo wina ankamutchula mayina oipa, kumufunsa ngati kwawo kuli sopo, kupukuta chitseko chimene iye wagwira. Anakanena kuofesi, anamuuza kuti banjalo lili pa nthawi yovuta, alimvetse. Tsiku limodzi lokha anayankha, osatukwana ayi, kungokweza mawu. Tsiku limenelo ndi limene linajambulidwa pa foni. Anamuitanitsa, anamuchotsera mashifiti, ndipo tonse akuda a pamalopo tinatumizidwa ku maphunziro a kalankhulidwe kabwino, pa tsiku lathu lopuma. Woputa uja palibe anamufunsa. Ndipo akwathu atamva, mukudziwa zimene ananena? Kuti mtsikanayo ndi wamwano, wataya mwayi, ena akuufuna. Anthu amene amangoona zithunzi zathu titavala majekete pa chipale, akuweruza nkhani imene aona mphindi imodzi yokha.

Chinanso chimene chimandipsetsa mtima ndi mmene nkhaniyi inathera kwa azungu. Chaka chotsatira Manchester United inakumana ndi Estudiantes ya ku Argentina, kunalinso kutulutsana m'bwalo. Mu 1969 AC Milan inapita ku Buenos Aires, kunakhetsedwa magazi mpaka osewera ena a Estudiantes anatsekeredwa m'ndende. Zitatero a ku Ulaya anangoyamba kukana. Ajax inakana mu 1971 ndi mu 1973, ena anatsatira, m'malo mwawo n'kumapita amene anagonja mu ndime yomaliza. Pofika 1980 chikho chonse anachisamutsira ku Tokyo, masewero amodzi, bwalo la eni ake ena, ndalama za Toyota. Anaona kuti kukhala mlendo n'kowawa, anasintha malamulo kuti asadzakhalenso alendo kwa munthu amene anamunyoza.

Ife tikane bwanji? Bob Kelly ankatha kunena kuti tiyeni tizipita chifukwa ndege inali yolipiridwa ndipo kunyumba kunali ntchito ikudikira. Ine ndikanena kuti ndikupita, fizi ya ana a mchimwene ayilipira ndani, feteleza wa amayi agula ndani, ngongole imene ndinatenga pobwera kuno abweza ndani, kwacha ikugwa chonchi? Ndiye musamandiuze kuti ngati zikuvuta bwanji osangobwerako. Amene amanena zimenezo ndi omwewo amene uthenga wawo wotsatira umayamba ndi moni wautali n'kuthera pa nambala ya Airtel Money.

Mlongo uja akadali pa mashifiti ochepa, lendi yake tikumusonkherana ife anzake. Amene muli ndi m'bale wanu kuno, mukamva kuti wayambana ndi bwana, yambani mwamufunsa kuti anamuchita chiyani miyezi yonse yapitayo musanamulalatire pa foni.